Apilo ya Mwana wa Eni

Khoti linamupatsa mipando, nyumba n'kupatsa mwamuna. Choncho Wotchi ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi pamodzi ndi katundu wa zipinda zisanu. Tebulo lodyera la anthu asanu ndi mmodzi linagonekedwa cham'mbali kutsamira khoma, miyendo ili tasa ngati mbuzi yakufa. Mipando inasanjikizana iwiriiwiri mpaka kudenga. Sofa inali pamwamba pa bedi lalikulu, ndipo pamwamba pa sofayo panali makatani a mawindo khumi ndi limodzi, pomwe chipindacho chinali ndi windo limodzi lokha, nalonso lotchingidwa ndi kabati ya zovala. Iye ankagona pa matiresi m'kanjira kotsala pakati, ndipo akafuna kutembenuka ankayamba wapepesa kabati.

Dzina loti Wotchi anamupatsa ndi anzake pa shopu ya magalasi a maso, pomwe ankadula magalasi ndi kuwalowetsa m'mafelemu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Abwana ake akamuona akulowa ankayang'ana wotchi ya pakhoma, osati kuti aone ngati mayiyo wachedwa, koma ngati wotchiyo ikuyenda bwino.

Ndiye tangoganizani mmene anamvera pamene loya, atatha kuwerengera pa kalendala ndi nsonga ya bolopeni, anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mayi, mwachedwa ndi masiku 214."

Loyayo anali mayi wa thupi lake, wa ku ofesi yothandiza anthu ulere, ndipo ankagwira ntchito atavula nsapato pansi pa tebulo.

"Lamulo limapereka masiku 30 kuti munthu achite apilo," anatero. "Akatha amenewo chitseko chimatsekedwa. Kugogoda n'kololedwa, koma a jaji amafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, kodi mlandu wanu uli ndi mutu? Wanuwu uli nawo, pamenepo sindikuopa. Chachiwiri, munachedweranji? Akapanda kukhutira pamenepo, nyumba ija muiiwale mpaka kalekale. Munadwala?"

"Ayi."

"Munali kunja kwa dziko? Kundende?"

"Ayi."

"Chigamulo simunachimvetse?"

"Ndinachiwerenga kanayi. Magalasi ndimadula ndekha."

"Kapena kukhoti simunkadziwako?"

"Basi yanga imadutsa pa geti pake kawiri pa tsiku."

Loya anaponya bolopeni pa tebulo. "Mayi, musandivutitse, kunja kuli mzere. Miyezi yonseyi munali kuti?"

"Ndinali pabanja," anayankha Wotchi.

"Pabanja liti? Banja linatha!"

"Ndi lomwelo."

Nkhani yake inali yotere. Amuna ake akale anali mphunzitsi pa sukulu yoyendetsa galimoto, ndipo abale awo omwe ankawatchula kuti a Mawa, chifukwa chilichonse, kuyambira kukonza mpopi wodontha mpaka kupepesa, ankati achita mawa. Chinthu chimodzi chokha sanachizengereze: anaphunzitsa mkazi wina kuyendetsa galimoto, ndipo galimotoyo inazolowera kuima pakhomo pa mkaziyo.

Banja linathera ku khoti laling'ono. Wotchi anapitako yekha, wopanda loya, poganiza kuti choonadi sichifuna wochiperekeza. Woweruza anayang'ana mapepala a nyumba n'kupezapo dzina la a Mawa lokha. Zoti Wotchi ndi amene ankaima ndi amisiri Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, zoti mawindo khumi ndi limodzi aja anawasankha ndi kuwanyamula ndi iye, zoti denga linakhomedwa ndi thukuta lake, sizinali pa pepala lililonse. Nyumba inapita kwa mwamuna, za m'nyumba kwa mkazi, ndipo mkazi atulukemo pasanathe sabata ziwiri.

Koma kutatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe, apongozi ake, mayi awo a a Mawa, omwe ankakhala nawo m'nyumbamo, anagwa kubafa. Inali sitiroko. Mbali ya kumanzere inafa, koma pakamwa panapulumuka, zomwe adokotala anati ndi mwayi waukulu, ndipo ana awo sanayankhepo kanthu. Adokotalawo anachenjezanso kuti agogowo asamve nkhani iliyonse yodzidzimutsa. Za mlandu sankadziwa kanthu, poti onse awiri anali atawabisira.

A Mawa anamupeza Wotchi m'khonde la chipatala, chigamulo chili m'chikwama mwake.

"Amayi asamve," anatero. "Ndiwauza ndekha akapezako bwino."

"Liti?"

"Mawa, mkuja, tiona. Koma za apilo mukuganizazo musayerekeze. Amesenjala a khoti akabwera pakhomo ndi mapepala n'kuyamba kufuula mayina, Amayi n'kumva, mwawapha ndinu. Ndipo tsiku limene mudzachite apilo, phazi lanu lisadzapondenso pakhomo panga."

Lole inanyamula mipando agogo akadali m'chipatala. Atatulutsidwa anawalowetsera khomo la kukhitchini mpaka m'chipinda chawo, ndipo pabalaza sanapaonenso. A Mawa anasamukira kumene galimoto inazolowera kuima. Mchemwali wawo, mlamu wake wa Wotchi, ndi amene anabwera kudzagona m'nyumbamo. Koma tsiku loyamba lomwe agogo anakana kusambitsidwa ndi mwana wawo.

"Manja ako ndi ozizira ngati a wakufa," anatero. "Ndiitanire mwana wa eni."

Ndi mmene ankamutchulira Wotchi kuyambira tsiku limene anakwatiwa pakhomopo. Mwana wa eni, bwerani kuno. Mwana wa eni, mcherewu munathira ndi fosholo? Zaka zonsezo Wotchi sanadziwe ngati kunali kumunyoza kapena kumulemekeza.

Ndiye m'mawa uliwonse ankakwera basi yoyamba, n'kulowa pa khomo la kukhitchini, n'kuvula nsapato. Kuseri kwa chitseko ankasiyako masilipasi ake obiriwira ndi diresi yakale ya panyumba. Akavala zimenezo ankayasamula mokweza m'khonde, ngati munthu amene wangodzuka kumene m'chipinda chapafupi, kenako n'kugogoda.

"Mwadzuka bwanji, Amayi?"

"Ndadzuka theka, theka linalo likadagona. Amuna anu ali kuti?"

"Alawirira kuntchito."

"Ameneyo kulawirira? Ndiye kuti dziko latsala pang'ono kutha."

Ankawasambitsa, n'kuwadzoza mafuta kumsana, n'kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Ankawamwetsa mapilitsi ndi tiyi wofunda, ndipo Loweruka ankawawenga zikhadabo za kuphazi, zomwe zinali zolimba ngati nyanga.

"Mwana wa eni, madziwa mwawiritsira ine kapena nkhuku yoti musosole?"

"Ndithirako ozizira, Amayi."

"Asiyeni. Kutentha ndiye ndikudziwa kuti ndikadali moyo."

Akaweruka kuntchito ankabwereranso. Dzuwa likamalowa ankatsazika kuti akukapuma, n'kupita ku chipinda chomwe chinali chake kale, momwe munalibe ngakhale msomali, n'kutseka chitseko mwamphamvu kuti agogo amve. Kenako ankanyang'ama kudutsa m'khonde, nsapato zili kumanja. Chimene chinkamudetsa nkhawa chinali chitseko cha kukhitchini, chifukwa mahinjesi ake ankalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo ankachitsegula pang'onopang'ono. Patapita sabata ziwiri chitsekocho chinangosiya kulira. Wotchi anati ndi mwayi, ndipo sanafunse, poti mwayi sufunsidwa kumene wachokera.

Tsiku la 30 analidziwa bwinobwino. Basi itadutsa pa geti ya khoti anayang'ana mbali inayo. Madzulo ake anaimbira foni a Mawa kuwafunsa ngati awauza Amayi. Anati mawa.

Agogo anamwalira Lachiwiri lina masana, patatha miyezi isanu ndi iwiri, Wotchi ali kuntchito akumanga kasikuluwu ka felemu ya munthu wina. Pamaliro anakhala kumbuyo, poti kutsogolo kunali kale mkazi wina. Patatha masiku ochepa anapita kukatenga masilipasi ake, n'kupeza loko wa khomo la kukhitchini atasinthidwa.

Pamene ankamaliza kufotokoza, loya anali atasiya kale kulemba.

"Chifukwa chanu n'chachilendo," anatero, "koma ndi chifukwa. Vuto ndi loti a jaji sadya nkhani, amadya umboni. Anakuonani ndani mukupita kumeneko?"

Wotchi anaganiza. Anthu oyandikana ndi nyumba ija ankayesa kuti akadakhala momwemo, poti ndi zimene iye ankafuna kuti aziganiza. Kumene ankachita lendi palibe ankamudziwa, poti ankachoka anthu asanadzuke n'kubwera atatseka kale zitseko. Kuntchito sanauze aliyense, ndipo sanachedwepo kuti wina afunse. Anali atabisa miyezi isanu ndi iwiri ya moyo wake mwaluso kwambiri moti tsopano iye mwini sakanatha kuipeza.

"Mboni yanga ili kumanda," anatero.

"Ya moyo palibe?"

"Alamu anga."

"Pitani mukawapemphe."

Anapita Lamlungu masana. Mlamuyo sanatsegule geti, anangolankhulira pa kabowo kolowetsera dzanja potsegula loko, moti Wotchi ankaona pakamwa pokha.

"Alamu, mundimvetse. Ine ndikukhala m'nyumba ya achimwene. Ana anga awiri ali pano. Ndikakuikirani umboni ndikagona kuti?"

"Sindikupemphani bodza."

"Bodza likanakhala losavuta, alamu."

Pakamwapo panachoka pa kabowo. Wotchi anaima pang'ono akuyang'ana mawindo ake khumi ndi limodzi, omwe tsopano anali ndi makatani a mtundu umene iye sakanasankha.

Loya analemba pempho ndi mawu a Wotchi okha. Patatha sabata zitatu yankho la a Mawa linabwera, lolumbiriridwa bwinobwino, la ndime zisanu ndi zinayi. Ndime yachinayi inkati mayiyo sankabwera kunyumbako, kupatula kamodzikamodzi ngati mlendo wina aliyense. Ndime yachisanu ndi chiwiri inkati nkhani yobisira agogo ndi yopeka, chifukwa agogowo ankadziwa kuti banja linatha. Pansi pake panali chikalata china chovomereza zimenezo, chosainidwa ndi mlamu.

Wotchi anawerenga ndime yachisanu ndi chiwiriyo ali m'kanjira kake pakati pa kabati ndi tebulo, ndipo anaseka yekha. Bodza lina limachita kusowa ndi manyazi omwe. Munthu amene ankamufunsa m'mawa uliwonse kuti amuna anu ali kuti, ameneyo n'kudziwa?

Pempholo linamvedwa mu ofesi ya a jaji, kachipinda kodzaza mafayilo komwe fani inkazungulira mwaulesi. A jajiwo anali bambo wachikulire wa magalasi opendekera kumanzere. Wotchi anaona msanga kuti kasikuluwu kamodzi kakhwefuka, ndipo zala zake zinayabwa. A Mawa anakhala mbali inayo ndi loya wawo, wa nsapato zonyezimira ngati galasi. Mlamu anakhala pakona atakumbatira chikwama.

Loya wa nsapato zonyezimira analankhula bwino ndithu. Anati malamulo a nthawi sanaikidwe kuti akongoletse mabuku. Anati mlandu uyenera kukhala ndi mapeto, kuti anthu apitirize moyo wawo. Anati mayiyu sanadwale, sanamangidwe, amadziwa kuwerenga, ndipo kuntchito kwake amatchuka ndi kusunga nthawi. Wotchi anapeza kuti akugwedeza mutu movomereza, poti zonsezo zinali zoona.

Kenako loya wa Wotchi, amene lero anali atavala nsapato, anapempha kuti afunse mlamu mafunso pa chikalata chimene anasaina. A jaji analola.

"Mwalumbira kuti amayi anu ankadziwa kuti banja latha. Anadziwa liti?"

"Tsiku lomwe anachoka kuchipatala."

"Anawauza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye analota?"

Mlamu anayang'ana achimwene ake, kenako chikwama chake. "Ndinatsokomola pabalaza. Ndiye anandiitana, akuti, 'Iwe, mipando yapita kuti?' Ine ndinati ilipo. Akuti, 'Usandipusitse, nyumba ya mipando siyankha munthu akatsokomola. Iyi ikuyankha.' Kenako akuti, 'Mkazi akachoka ndi mipando, ndiye kuti sanapite kumsika.'"

Wotchi anamva ngati fani yaima, koma inali ikuzungulirabe.

"Nanga bwanji sanamuuze mpongozi wawo kuti adziwa?"

Mlamu anakumbatiranso chikwama chake.

"Yankhani, mayi," anatero a jaji.

"Anandiletsa. Akuti, 'Ukamuuza, ine ndi iwe tithana. Ndikangonena kuti ndadziwa, mwana wa eni abwerera kwa eni ake. Ndiye andisambitsa ndani, iwe ndi manja ako akufawo?'" Mlamu anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Mawu anali atayamba kutuluka okha, ngati madzi a mpopi umene a Mawa sanakonze. "Ankamumva akutuluka madzulo alionse. Ankati, 'Uyo akupita, nsapato zili kumanja, wayesa ndine wogontha.' Mpaka anandituma kuti ndithire mafuta ophikira pa mahinjesi a chitseko cha kukhitchini. Akuti mwana wa eni amatha mphindi zisanu akutsegula chitseko chimodzi, basi imusiya."

Loya wa nsapato zonyezimira anaimirira, koma a jaji anakweza dzanja. Anakankhira magalasi awo m'mwamba, magalasiwo n'kupendekeranso, ndipo anatsegula chikalata cha a Mawa.

"Ndithandizeni, a loya, mwina ndi ukalamba. Ndime yachinayi ikuti mayiyu sankabwera kunyumbako. Mboni yanu ikuti malemu ankamumva akutuluka madzulo alionse. Tsono amene ankatuluka tsiku ndi tsiku m'nyumba imene sankalowamo ndi ndani?"

Loyayo anayang'ana a Mawa. A Mawa anayang'ana fani.

"Bambo," anatero a jaji, "kodi munamupempha mayiyu kuti asachite apilo kufikira mutawauza amayi anu?"

"Ndinanena kuti ndiwauza, bwana."

"Munawauza?"

"Ndinkafuna ndiwauze."

"Liti?"

A Mawa anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, yankho lawo la masiku onse silinatuluke.

A jaji analemba kwa nthawi yaitali, kenako anawerenga. Anati masiku 214 ndi ambiri, ndipo khoti silikonda anthu ogona pa ufulu wawo. Anati chisoni pachokha si chifukwa chotsegulira chitseko chotsekedwa, chifukwa aliyense wobwera kukhoti amabwera ndi chisoni chake. Koma anati munthu sangapemphe mnzake kuti adikire, n'kudyerera kudikirako miyezi isanu ndi iwiri, kenako n'kubwera kudzaloza kalendala. Zoti malemu ankadziwa sizisintha kanthu, poti wopemphayu sankadziwa kuti adziwa. Pempho laloledwa.

"Ndakupatsani masiku khumi ndi anayi kuti mupereke apilo yanu, mayi. Khumi ndi anayi. Osati khumi ndi asanu."

"Ndamva, bwana."

M'khonde loya anavula nsapato imodzi n'kupukusa chala. "Musasangalale msanga," anatero. "Nyumba sitinapate. Angotitsegulira chitseko basi."

"Mapepala tilemba liti?"

"Bwerani mawa."

"Ayi," anatero Wotchi. "Lero."

Loya anamuyang'ana, n'kuseka mpaka kutsamira khoma. Analemba masana omwewo, ndipo kalaliki wa khoti anadinda mapepalawo kutatsala mphindi makumi awiri kuti atseke windo lake.

Wotchi atatuluka pa geti anapeza mlamu akudikira pamalo okwerera basi. Sanayang'anane. Mlamuyo anatulutsa jumbo m'chikwama chimene anakumbatira tsiku lonse chija n'kumupatsa.

"Ndimati ndikupatseni m'mawa, koma achimwene anali pompo."

"Mukagona kuti lero?"

"Kaya. Mwina andithamangitsa mawa." Anayesa kuseka. Basi yake inabwera, n'kukwera.

M'jumbomo munali masilipasi obiriwira.

Wotchi anafika kuchipinda kwake dzuwa likadalipo. Anadzipanikiza kudutsa pakati pa kabati ndi miyendo ya tebulo, n'kutsitsa mpando umodzi pamulu uja, n'kukhalapo. Anayesa kuwakwiyira agogo aja. Zifukwa zinalipo: anamuonerera akuyasamula zabodza m'khonde miyezi isanu ndi iwiri, akunama za amuna olawirira, akunyang'ama ngati wakuba m'nyumba yomanga yekha. Koma nthawi iliyonse mkwiyo ukati uyambe, ankamva chitseko chija chikutseguka mwakachetechete, ndipo mkwiyowo unkasowa pogwira.

Panalibe woti amuuze kuti wapambana. Munthu yekhayo amene akanamva nkhaniyi n'kuiseka bwino, n'kunena kuti a jajiwo akanakonzetsa kaye magalasi, anali agogo omwe aja.

Anavula nsapato n'kuvala masilipasi. Kenako, ngati munthu woyesa loko watsopano, anatsokomola kamodzi n'kumvetsera.

Chipindacho sichinayankhe. Munali mipando yambiri.